Kodi Zotsatira za M'magiredi Oyamba a Sekondale Zimathandiza Polowa ku Yunivesiti?

Muno m'dziko la Zambia, masukulu apamwamba monga University of Zambia, Copperbelt University ndi Mulungushi University amasankha ophunzira poyang'ana zotsatira za mayeso a Giredi 12, amene amakonzedwa ndi bungwe la Examinations Council of Zambia. Malikisi amene mwana anapeza m'mayeso a kumapeto kwa temu mu Giredi 8 kapena Giredi 10 saonkhetsedwa posankhapo.

Pa mayeso a Giredi 12, phunziro lililonse limapatsidwa nambala kucokera pa 1 kufika pa 9. Nambala 1 ndi 2 ndiko kukhoza kwapamwamba kwambiri, 3 ndi 4 kukhoza bwino, 5 ndi 6 ndiwo makirediti, 7 ndi 8 kungokhoza cabe, pamene 9 ndi kulephera. Wofuna kuphunzira digiri amafunika makirediti m'maphunziro osacepera asanu, kuphatikizapo Cingerezi. Popeza ofuna malo amaculuka, makamaka pa maphunziro a udokotala, uinjiniya ndi zamalamulo, amene ali ndi mapointi ocepa ndiwo amayamba kutengedwa.

Ngakhale zili tero, zaka zoyamba za sekondale zili ndi mphamvu pa ulendo wonse wa mwana. Kwa zaka zambiri mayeso a Giredi 9 ndiwo anali kugamula amene adzapitirira ku Giredi 10, ndipo okhoza kwambiri anali kutumizidwa ku masukulu monga Hillcrest ku Livingstone ndi David Kaunda mu Lusaka. Ndiponso ndi pa ciyambi pomwe mwana amaikidwa m'kalasi la sayansi, la zamalonda kapena la maphunziro ena. Amene sanaphunzire sayansi ndi masamu mokwanira amapeza kuti khomo la ku udokotala latsekeka iye asanafike n'komwe mu Giredi 12. Komanso mafunso a mayeso otsiriza amacokera m'zonse zimene zinaphunzitsidwa kuyambira mu Giredi 10.

M'caka ca 2025 boma linayamba kugwiritsa nchito ndondomeko yatsopano ya maphunziro, imene inabweretsa Fomu 1 mpaka Fomu 4, ndi Fomu 5 ndi 6 pamwamba pake. M'ndondomekoyi mwana amasankha njira ya maphunziro ake akangolowa Fomu 1, motero cisankho ca caka coyamba ndi cacikulu kuposa kale.

Kwa ofuna kukaphunzira ku America zinthu n'zosiyana. Kumeneko mayunivesiti ambiri amapempha cikalata coonetsa malikisi a zaka zinayi, kucokera Giredi 9 kufika Giredi 12. Komabe si onse amene amalemera zakazi mofanana: University of California imawerengera avereji yake pa Giredi 10 ndi 11, ndipo osankha ambiri amayang'ana ngati malikisi a mwana anali kukwera caka ndi caka. Mwana wa ku Zambia wofuna malo kumeneko ayenera kusunga malipoti ake onse a kusukulu.

Mwana amene anayamba mofooka akadali ndi mpata wokonza zinthu mayeso otsiriza asanafike. Amene sanakhoze bwino mu Giredi 12 angathe kulembanso maphunziro amene anagwa kudzera m'mayeso a GCE, ndi kupemphanso malo caka cotsatira.