Ngolo Zopita ku Madzulo: Zoona Zace za Zithunzi za Makauboyi

M'zaka za m'ma 1950 anthu a ku Luanshya ndi migodi ina anali kudzaza mabwalo a bayisikopu kukaona makauboyi, ndipo ngwazi iri yonse ya pa kavalo anali kuicha Jack. Lero tifuna kufotokoza za anthu ena ooneka m'zithunzi zomwezo: mwamuna, mkazi ndi ana ali m'ngolo yofundidwa ndi nsaru yoyera. Kodi anali yani, ndipo anali kupita kuti?

Anthu amenewa analikodi. M'caka ca 1843 anthu ngati 1,000 ananyamuka ku Missouri, m'dziko la America, kulinga ku Oregon, ulendo wa mamailo 2,000. Ngolo zambiri zinali kukokedwa ndi ng'ombe, ndipo ulendowo unali kudya miyezi 5 kapena 6. Pa bayisikopu tiona eni dziko alikuzinga ngolo ndi mibvi, koma cimene cinapha apaulendo ocuruka ndico matenda, makamaka kolera, pamodzi ndi ngozi za pa mitsinje ndi za mfuti zao zomwe. Ulendo wotere ndiwo unaonetsedwa m'cithunzi ca The Covered Wagon ca 1923.

M'caka ca 1862 Abraham Lincoln anasaina lamulo lochedwa Homestead Act. Munthu anali kulandira maekala 160, ndipo akakhalapo ndi kulimapo zaka 5 malowo anali kusanduka ace. Kumene kunalibe mitengo mabanja anamanga nyumba za zibuma za nthaka ndi udzu wace womwe. Cilala ndi dzombe zinabweza ambiri cimanjamanja.

Tsono panabuka mkangano pakati pa alimi ndi eni ng'ombe zambiri, amene sanafune kuti mabusa ndi madzi zichingidwe ndi mipanda. M'caka ca 1892 eni ng'ombe a ku Wyoming analemba ganyu anthu a mfuti kukapha amene anali kuwanenera kuba ng'ombe ku Johnson County. Cithunzi ca Shane ca 1953, m'mene Alan Ladd achinjiriza banja la Starrett, ciimira nthawi imeneyo. Komatu wotsirizadi mabusa a cisawawa sanali munthu wa mfuti, koma waya waminga wa Joseph Glidden wa 1874.

Pali funso limene zithunzi zambiri zakale zinalilambalala: malowo anali a yani? Anali a mitundu monga Sioux ndi Cheyenne, imene inali kudalira njati. Njatizo zinaphedwa mpaka kutsala zowerengeka, mapangano anaswedwa, mapiri a Black Hills analandidwa m'caka ca 1877, ndipo m'caka ca 1890 asilikari anapha amuna, akazi ndi ana ku Wounded Knee. Otsala anapanikizidwa m'malo opatulidwa. A ku Chipata, amene makolo ao anasunthidwira m'marizevu pamene nthaka yabwino inali m'manja mwa kampani ya North Charterland, sadzafuna wowamasulira nkhani imeneyi.

Cifukwa cace, abale anga, kupirira kwa mai wa m'ngolo uja nkoona, ndipo tiyenera kukulemekeza. Koma kamera inali kuima pambali pa ngolo, osati pakhomo pa mwini dziko. Mukadzaonanso cithunzi cotere, yang'anani amene aimirira kutali pamwamba pa citunda, ndipo mudzifunse kuti mudzi wao unali pati.