Ntchito yapambali yomwe inabala eBay

Mu Seputembala 1995, Pierre Omidyar anali pa ntchito ku kampani ya General Magic, ku California. Akaweruka ankalemba mapulogalamu akeake kunyumba, ndipo m'menemo munatuluka AuctionWeb, tsamba la pa intaneti pomwe ogula ankapikisana mitengo.

Chimodzi mwa zinthu zoyamba kugulidwa chinali katochi ka laser kakufa, pa madola 14.83. Omidyar anachita kumufunsa wogulayo ngati wamvetsa kuti nkakufa. Akuti munthuyo anayankha kuti ndi wotolera zoterozo!

Anthu atachuluka, kampani yosunga tsambalo inamukwezera bilu, iye nayamba kudula kamsonkho kwa ogulitsa. Ndalamazo zitaposa malipiro ake, mu 1996 anasiya ntchito. Tsambalo linasinthidwa dzina n'kukhala eBay mu 1997.