Mtengo wa Setifiketi ya Uphunzitsi ku Ntcheu

Sukulu zinafika msanga m'boma la Ntcheu. Mishoni ya Gowa inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1890, ndipo m'chaka cha 1901 ansembe a Montfort anamanga ku Nzama, m'dziko la Mfumu Njobvuyalema. Koma mnyamata wofuna setifiketi ya uphunzitsi anali ndi ulendo wautali, ndipo fizi ndiyo inali mbali yaing'ono ya mtengo wake.

Masiku amenewo maphunziro anali m'manja mwa mamishoni. Kwa zaka zambiri Boma la Atsamunda linkapereka mapaundi 1,000 okha pachaka kuti mamishoni onse agawane. Tsono mnyamata wanzeru ankayamba ngati monitala. Ankaphunzitsa ana kumudzi kwa miyezi ingapo, kenaka n'kubwerera ku mishoni kukakhalanso pa benchi iye mwini. Malipiro anali ochepa, pamene msonkho wa nyumba sunkadikira munthu. Anzake a msinkhu wake ankapita ku Halale ndi ku Joni, nabwerako ndi njinga ndi masuti. Iye ankatsala ndi choko ndi sileti, akudziwa bwino lomwe zimene wataya.

M'chaka cha 1926 Boma linakhazikitsa Dipatimenti ya Maphunziro, ndipo setifiketi inayamba kudalira mayeso a Boma. M'chaka cha 1929 sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Domasi, m'boma la Zomba. Kumeneko mphunzitsi wokwatira sankapita yekha ayi. Ankatenga mkazi wake ndi ana, nakakhala zaka ziwiri, mayi akuphunzira zaukhondo ndi kaleredwe ka ana. Cholinga chinali chabwino, palibe angatsutse. Komabe omvera amene ali alimi aganizire banja la ku Ntcheu losiya munda wake dzinja ziwiri zotsatana. Ndani ankapalira? Ndani ankamata nkhokwe? Ntchitoyo inkagwera makolo ndi abale, amene maina awo sanalembedwe pa setifiketi.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, wokhoza JC ankaphunzira zaka ziwiri ku koleji kuti apate T3, ndipo wotsiriza Fomu 4 ankapata T2. Apa mtengo unasamukira ku sekondale, pakuti fizi ya kumeneko ndiyo inkatha mbuzi ndi mbatata za kachewere za makolo.

Fizi ya pulaimale itathetsedwa m'chaka cha 1994, ana anasefukira m'makalasi, ndipo Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzira ntchitoyo. Kuyambira 1997, mwa dongosolo la MIITEP, iwowa ankakhala miyezi itatu ku koleji, n'kubwerera kukaphunzitsa akuwerenga okha madzulo, n'kudzapitanso kukalemba mayeso. Agogo amene anali mamonitala ku Gowa ndi ku Nzama akadaizindikira njira imeneyo.