Chisankho cha 1961 ndi Kutha kwa Chitaganya

Pa 15 Ogasiti 1961 anthu a m'dziko la Nyasaland, limene tsopano ndi Malawi, adalawirira kukaima pa mizere kuti aponye voti. Aka kadali koyamba kuti anthu akuda a dzikolo asankhe okha ndi manja awo aphungu owaimira ku Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba. Monga mwa lamulo chisankhocho chidali cha mipando 28 basi, ndipo palibe amene adafunsidwa pa pepala ngati akufuna Chitaganya kapena ayi. Komabe aliyense amene adaima pa mzere tsiku limenelo adadziwa kuti mlandu wozengedwa udali umodzi: kukhalabe m'Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, kapena kutulukamo.

Chitaganyacho chidakhazikitsidwa mu 1953, ndipo chidaphatikiza maiko atatu, Southern Rhodesia, Northern Rhodesia ndi Nyasaland, pansi pa boma limodzi lokhala ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Boma limeneli lidatenga m'manja mwake asilikali, ndalama, msonkho wa katundu wolowa m'dziko, njanji, zipatala ndi maphunziro apamwamba. Maboma a maiko atatuwo adatsala ndi apolisi, nkhani za malo, ndiponso ulimi ndi masukulu a anthu akuda. Ku Southern Rhodesia ovota adafunsidwa mu Epulo 1953 ndipo adavomera, koma pafupifupi onse adali Azungu. Kumpoto kwa mtsinje wa Zambezi sadafunsidwe munthu.

Anthu a ku Nyasaland adakana Chitaganya chifukwa adali kudziwa bwino lomwe za kummwera. Amuna zikwizikwi adali atagwirako ntchito m'mafamu a fodya, m'migodi ya malasha ku Wankie, ndiponso m'makhitchini a ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Adayendako ndi chitupa m'thumba, naona ndi maso awo momwe lamulo la 1930 lidapatsira Azungu nthaka yabwino. Nkhani zimenezi zidafika m'midzi pamodzi ndi mabulangete ndi njinga zimene adabwera nazo. Bungwe la Lord Bledisloe lidali litaona kale mantha amenewa mu 1939. Tsono pamene Chitaganya chidadza mokakamiza, Inkosi Philip Gomani wa ku Ntcheu adauza anthu ake kuti asamvere malamulo ena a boma, ndipo adachotsedwa pa ufumu. Pa zipolowe zimene zidayambira ku Thyolo chaka chomwecho anthu 11 adaphedwa.

Iwo okonda Chitaganya adali ndi yankho limodzi pa zonsezi, ndipo adalibwereza zaka zisanu ndi zitatu. Adati okana ndi kagulu kochepa ka anthu ophunzira ofuna mipando. Munthu wa kumudzi, adatero, sadziwa kanthu za ndale, ndipo ngati akana ndiye kuti waopsezedwa. Mawu amenewa adali ovuta kuwagwetsa, pakuti padalibe muyeso wowayesera. Aphungu asanu akuda amene adalowa m'Nyumba ya Malamulo mu 1956, kuphatikizapo Henry Chipembere ndi Kanyama Chiume, adasankhidwa ndi makhonsolo a zigawo, osati ndi anthu onse.

Mboni zina zidalankhula. Mu 1958 Sinodi ya Blantyre ya mpingo wa CCAP idatulutsa kalata yonena kuti Chitaganya chaononga kukhulupirirana pakati pa mitundu, ndipo chaka chomwecho Mbusa Andrew Doig, mmishonale amene adali phungu woimira zofuna za anthu akuda ku Salisbury, adatula pansi udindo wake. Dr Hastings Kamuzu Banda adafika pa Chileka pa 6 Julaye 1958. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Dr Banda adatengedwa kunka ku ndende ya Gwelo, anthu oposa 1,300 adatsekeredwa, ndipo oposa 50 adaphedwa, mwa iwo osachepera 20 pa doko la Nkhata Bay. Msonkhano Waukulu wa Mpingo wa ku Scotland mu Meyi 1959, motsogozedwa ndi mawu a George MacLeod, udapempha kuti mphamvu zenizeni za boma ziperekedwe kwa anthu akuda a ku Nyasaland. Woweruza Patrick Devlin, amene boma la Britain lidamtuma kudzafufuza, adapeza kuti kukana Chitaganya kudali kozama ndiponso kwa pafupifupi aliyense. Koma umboni wa woweruza ndi wa abusa, ngakhale udali woona, udakanidwabe: boma la Britain lenilenilo lidakana mbali zazikulu za lipoti la Devlin. Chimene chidasowa ndicho chiwerengero.

Njira ya ku chiwerengerocho idatsegulidwa ndi chisankho cha kutali. Mu Okutobala 1959 Harold Macmillan adapambana ku Britain ndi mipando yochuluka, naika Iain Macleod kukhala nduna yoona za maiko olamulidwa ndi Britain. Macleod adamasula Dr Banda pa 1 Epulo 1960, ngakhale Sir Roy Welensky, Nduna Yaikulu ya Chitaganya, adakana kwamtuwagalu. Chipani cha Malawi Congress Party chidali chitakhazikitsidwa kale ndi Orton Chirwa mu Sepitembala 1959, m'malo mwa Nyasaland African Congress imene idaletsedwa. Pa msonkhano wa ku Lancaster House mu Julaye ndi Ogasiti 1960 adagwirizana za malamulo atsopano. Padakhala akaundula awiri a ovota. Kaundula wapansi, wa anthu akuda, adapatsidwa mipando 20. Kaundula wapamwamba, wa anthu a chuma ndi maphunziro ochuluka, amene ambiri adali Azungu ndi Amwenye, adapatsidwa mipando 8. Ngakhale m'kaundula wapansi sadalowe munthu aliyense: padafunika chuma chakutichakuti, kapena kudziwa kulemba pamodzi ndi umboni wa zaka zambiri za msonkho, kapena udindo monga unyakwawa. Motero m'dziko la anthu pafupifupi mamiliyoni atatu, olembedwa adangopitirira 100,000 m'kaundula wapansi ndi 4,000 m'wapamwamba, ndipo amayi adali ochepa.

Zotsatira zake sizidasiye mpata wa mtsutso. Pafupifupi 95 mwa ovota 100 alionse a m'kaundula wapansi adafika kudzavota, ndipo pafupifupi onse adasankha tambala wakuda. Malawi Congress Party idatenga mipando yonse 20, isanu mwa iyo popanda wopikisana naye. Chodabwitsa koposa chidali ku kaundula wapamwamba, kumene chipanicho chidatenga mipando iwiri, ndipo wachitatu udapita kwa Colin Cameron, loya wa ku Scotland amene adaima payekha mothandizidwa ndi Congress. Chipani cha Welensky, United Federal Party, chidatsala ndi mipando isanu. Chipembere adali m'ndende pa nthawiyo, ndipo bambo wake, Canon Habil Chipembere wa mpingo wa Anglican, ndiwo adaima napambana ku Fort Johnston, kumene lero ndi Mangochi.

Sichingabisike chakuti padali kuopseza. Chester Katsonga, amene adayambitsa chipani china, adamtenthera nyumba, ndipo anthu ambiri oganiziridwa kuti akonda Chitaganya adakhala mwamantha. Koma munthu woopsezedwa akhoza kungokhala kunyumba, ndipo kuopseza pakokha sikukadadzaza mizere motero.

M'mawa mwake dziko la Nyasaland lidali likadali m'Chitaganya, ndipo lidakhalamobe zaka zina ziwiri ndi miyezi inayi. Malamulo a Chitaganya adalibe khomo lotulukira. Adapangidwa ndi Nyumba ya Malamulo ya ku London, ndipo ndi nyumba yomweyo yokha imene ikadatha kuwamasula. Aphungu a ku Zomba, ngakhale onse akadavomerezana, adalibe mphamvuyo. Bungwe la Lord Monckton lidali litanena mu Okutobala 1960 kuti Britain alole dziko lofuna kutuluka kuti litero, koma Welensky adayankha kuti adalonjezedwa mu 1953 ndi mu 1957 kuti Chitaganya sichidzasinthidwa popanda chilolezo cha boma lake.

Mphamvu ya chisankhocho idaonekera pena. Michael Blackwood, mtsogoleri wa United Federal Party ku Nyasaland, adafuna mipando iwiri ya unduna. Atapatsidwa umodzi adaukana, motero mipando yonse isanu ya anthu osankhidwa idagwa m'manja mwa Congress ndi abwenzi ake. Dr Banda adakhala nduna ya zachilengedwe ndi maboma ang'ono, Chiume wa maphunziro, Augustine Bwanausi wa za ntchito, Cameron wa za misewu ndi mtengatenga; Dunduzu Chisiza adathandiza ku zachuma ndipo Orton Chirwa ku zachilungamo. Bwanamkubwa watsopano, Sir Glyn Jones, adagwira nawo ntchito mwaubwenzi. Kuyambira pamenepo kukana Chitaganya kudaleka kukhala mfuu ya pa msonkhano, kudasanduka machitidwe a boma. Nduna zidakana kukambirana ndi nduna za ku Salisbury. Ntchito yomanga malo opangira magetsi pa mathithi a Nkula pa mtsinje wa Shire idaimitsidwa chifukwa ndalama zake zikadadzera ku Chitaganya, ndipo magetsiwo adayaka mu 1966. Ena angati kumeneku kudali kudzipweteka, ndipo sanama kwenikweni. Koma ndi mwa njira yotere mmene akuluakulu a ku London adazindikirira kuti anthu awa adali okonzeka kulipira mtengo wake. Kuti asunge Nyasaland m'Chitaganya, Britain akadayenera kuchotsa ndi mfuti boma losankhidwa potsata malamulo amene iye mwini adalemba. Mu Febuluwale 1962 Duncan Sandys, nduna yoona za Commonwealth, adakumana ndi Dr Banda ku Zomba navomera mwamseri kuti dzikolo silingakakamizidwe.

Welensky adayesa kuyankha chisankho ndi chisankho chinzake. Adaitanitsa chisankho cha Chitaganya chonse mu Epulo 1962, ndipo chipani chake chidatenga mipando 54 mwa 59. Zipani zazikulu za anthu akuda zidachinyanyala, ndipo ngakhale otsutsa achizungu a ku Southern Rhodesia sadalowe nawo, kotero kuti aphungu ambiri adalowa popanda wopikisana nawo. Chipambano chachikulu chotere sichidasinthe kanthu ku London.

Chimene chidachedwetsa zinthu ndicho ndalama. R. A. Butler, amene Macmillan adamuika mu Malichi 1962 kuyang'anira nkhani za maiko atatuwo, adatuma akatswiri kuti awerengere chimene Nyasaland adzataya. Chidali choona kuti dzikolo lidalandira ku thumba la Chitaganya zambiri kuposa zimene lidaponyamo, pakuti thumbalo lidadzazidwa makamaka ndi mkuwa wa ku Northern Rhodesia. Ndipo zidadziwika kuti likatuluka, msonkho wake sudzakwanira kuyendetsa boma. Dr Banda sadasunthike. Mu Novembala 1962 ku Marlborough House adagwirizana za boma lodzilamulira, ndipo pa 19 Disembala 1962 Butler adauza Nyumba ya Malamulo ya ku London kuti Britain wavomera kuti Nyasaland atuluke. Padali patapita miyezi 16 chichitikire chisankho.

Chakumapeto kwa chaka chomwecho zisankho zina ziwiri zidagwetsa mizati yotsala. Ku Northern Rhodesia United Federal Party idapeza mipando 16, UNIP ya Kenneth Kaunda 14, ndipo ANC ya Harry Nkumbula 7. Kaunda ndi Nkumbula adagwirizana napanga boma lofuna kutuluka. Ku Southern Rhodesia, pa 14 Disembala, ovota achizungu adachotsa Sir Edgar Whitehead naika Winston Field wa Rhodesian Front, amene mtima wake udali pa ufulu wa Southern Rhodesia yekha pansi pa Azungu. Welensky adatsala ndi boma lopanda dziko ndi limodzi lomwe lolichirikiza. Dr Banda adakhala Nduna Yaikulu pa 1 Febuluwale 1963, ndipo mu Malichi Butler adalengeza kuti dziko lililonse likhoza kutuluka.

Msonkhano wa ku Victoria Falls, kumapeto kwa Juni ndi kuchiyambi kwa Julaye 1963, udali wogawana chuma cha masiye: asilikali, ogwira ntchito m'boma, njanji, damu la Kariba ndi ngongole. Pafupifupi ndege zonse za nkhondo zidapita ku Southern Rhodesia, ndipo zidali m'manja mwa Ian Smith pamene adadzilengezera ufulu mu Novembala 1965. Nyasaland adatenga gawo lake la ngongole, nalandiranso zipatala ndi ntchito zina zoti aziyendetse yekha; Britain adathandiza kulipira ndalama zoyendetsera boma mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1970, ndipo amuna adapitirirabe kunka ku Rhodesia ndi ku Joni kukafuna ntchito. Chitaganya chidatha pakati pa usiku pa 31 Disembala 1963, ndipo dziko la Malawi lidalandira ufulu pa 6 Julaye 1964.

Umodzi umene anthu adaonetsa mu 1961 udali wa pa funso limodzi, koma chipani chidautenga ngati chilolezo cha pa zonse. Pa chisankho cha mu Epulo 1964 palibe amene adaponya voti, pakuti aphungu onse 50 a Congress adalowa popanda wopikisana nawo. Cameron adatula pansi udindo patangotha masabata ochepa chilandirire ufulu, pokana lamulo lotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu. Mu Sepitembala 1964 Chiume, Chirwa ndi Bwanausi adachotsedwa, ndipo Chipembere ndi ena adatula pansi maudindo awo. Mu 1966 Malawi adakhala dziko la chipani chimodzi mwa lamulo, ndipo anthu ake adadikira mpaka Meyi 1994 kuti asankhenso pakati pa zipani zopikisana.