Kabuku ka azakhali ku Kanyama

Azakhali anga anatsegula kantemba ku Kanyama ine ndisanabadwe, koma chuma chawo chenicheni chinali kabuku ka sukulu kokutidwa ndi pulasitiki. M'menemo munali mayina a angongole, tsiku lolandira chilimba, ndi tsamba lomaliza limene ankalitcha "zikavuta".

Tsamba limenelo silinkakhalitsa osafufutidwa. Mu 2013, kwacha itachotsedwa maziro atatu, anachezera usiku wonse kukonza mitengo. Moto utapsereza City Market mu Julayi 2017, analembamo kuti katundu asamagone malo amodzi, ndipo theka linayamba kugona kwa alamu awo ku Chawama. Ine ndinkaseka, ndimvekere uku n'kungodyetsa ndalama makondakitala.

Kenako kunabwera kolera. Mu Januwale 2018 asilikali anali ponseponse, malonda a m'mbali mwa msewu analetsedwa, ndipo ku Kanyama nthawi ikakwana 18 koloko aliyense ankayenera kukhala m'nyumba. Anzawo a vitumbuwa anasowa pogwira. Azakhali anali atalemberatu kuti mvula ikayamba achepetse zophikaphika, aode makala, sopo ndi klorini. Zimenezo ndi zomwe zinatidyetsa mwezi wonsewo, akugulitsira pawindo.

Chimene sanachiganizire ndi firiji. Madzi atachepa ku Kariba mu 2024, magetsi ankazima pafupifupi tsiku lathunthu, ndipo nkhuku zonse zinaola sabata imodzi. Sanalire. Anandiitana, n'kundipatsa cholembera, poti maso awo tsopano saonanso bwino.

"Iwe mwana, fufuta apa. Lemba kapenta."