MBONI ZITATU ZA MBIRI YA BANJA: CHITHUNZI, PEPALA NDI PAKAMWA PA AGOGO

Chaka ndi chaka, kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mafumu a Achewa ochokera m'Zambia, m'Malawi ndi m'Mozambique amasonkhana pano pa Mkaika kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Chiukitsireni mwambo wa Kulamba m'chaka cha 1984, mbiri ya ufumu wathu yafotokozedwa kawirikawiri, kotero kuti ngakhale ana a sukulu amadziwa za ulendo wa makolo athu ndi za likulu lakale la Undi ku Mano. Komatu mutati muimitse munthu mmodzi pakati pa khamu lino ndi kumufunsa dzina la mayi amene anabala agogo ake aakazi, ambiri angangokanda m'mutu. Mbiri ya mtundu tikuidziwa, pamene mbiri ya mabanja athu ikulowa m'manda pamodzi ndi nkhalamba zathu.

Nkhani imeneyi siyochepa. Pamene pabuka mkangano wa munda kapena wa kulowa unyakwawa, bwalo la mfumu limafuna munthu wotha kulongosola bere lake mwatsatanetsatane. Mwana wobadwira ku Lusaka kapena ku Kitwe akamwalira, pamafunika wodziwa kumene kuli manda a mbumba yake. Tsono amene afuna kufufuza kumene anachokera ali ndi mboni zitatu: chithunzi chakale, pepala lolembedwa, ndi pakamwa pa akuluakulu. Monga pa mlandu uliwonse, mboni imodzi siikwanira.

Mmene mabanja anabalalikira

Wofufuza ayambe wadziwa zimene zinasuntha anthu a dera lino. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la 1891 linadula dziko la Undi pakati, ndipo abale a bere limodzi anapezeka m'maiko awiri. Pambuyo pa nkhondo ya 1898, pamene Angoni a Mpezeni anagonjetsedwa, malo aakulu a Fort Jameson ndi Petauke anakhala m'manja mwa kampani ya North Charterland. Bungwe la boma la 1924 linalemba malire a malizevu, ndipo midzi yambiri inasamutsidwa kupita kumeneko. Anthu atapanikizana ndi nthaka itaguga, boma linagula malo a kampaniyo mu 1941 ndi kuyamba kusamutsanso midzi. Motero mudzi umene uli pamseu lero ungakhale ndi mabwinja awiri kapena atatu kumbuyo kwake, ndipo bwinja lililonse lili ndi manda ake.

Msonkho nawonso unachotsa amuna pamudzi. Ena anapita ku mapulazi a fodya pafupi ndi Fort Jameson, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ena ku Joni, ena ku migodi ya mkuwa. Amene sanabwerere tinawatcha machona. Iwowa anakwatira kumeneko, ndipo adzukulu ao lero ali ku Zimbabwe, akulankhula Chishona koma akuvinabe gule wamkulu.

Mboni yoyamba: chithunzi

M'nyumba zambiri za ku Katete, Sinda ndi Vubwi muli sutikesi yachitsulo kapena Baibulo lakale momwe mwabisika zithunzi. Zambiri nzofanana: mnyamata wovala suti ndi chipewa, dzanja lili pa njinga kapena pa wayilesi, msilikali wa Northern Rhodesia Regiment amene anamenya nkhondo ya 1939 mpaka 1945, mwina ku Somaliland kapena ku Burma, mkwati ndi mkwatibwi pakhomo la tchalitchi.

Chithunzi chiyenera kufunsidwa mafunso. Chitembenuzeni, pakuti kumbuyo kumakhala chidindo cha wojambula chotchula mzinda, nthawi zina ndi chaka chomwe. Dzina la Salisbury likusonyeza kuti chinajambulidwa 1982 isanafike, chaka chimene mzindawo unatchedwa Harare. Mtengo wolembedwa m'masheleni ukusonyeza nthawi ya kale, kwacha isanabwere mu 1968. Komanso muchenjere nacho. Suti, njinga ndi wayilesi kawirikawiri zinali za mwini situdiyo, zobwereka kwa mphindi zochepa kuti a kumudzi aone ngati zinthu zikuyenda bwino.

Muonenso amene palibe pachithunzi. Kamera inali kutauni ndi ku mishoni, kumene kunali amuna. Amayi otsala pamudzi, eni mbumba, sanajambulidwe kawirikawiri. M'banja mwathu muli zithunzi zinayi za atsibweni a amayi anga, amene anagwira ntchito ku Bulawayo, koma mlongo wao, amene tonsefe tinatuluka m'mimba mwake, nkhope yake palibe amene anaisunga.

Mboni yachiwiri: pepala

M'nthawi ya atsamunda kubadwa kwa mwana wa kumudzi sikunkalembedwa ndi boma. Lamulo lokakamiza kulembetsa ana onse obadwa linadza mu 1973. Choncho mapepala othandiza ndi ena. Choyamba ndi chitupa chakale cha msonkho, ndiponso reji imene inayamba kuperekedwa mu 1965. Reji imatchula mudzi, mfumu ndi boma la munthu, ndipo zitatu zimenezi nzodalirika ndithu. Chaka chobadwa chokha ndicho chokayikitsa, pakuti kalaliki ankangoyang'ana nkhope ndi kuyerekeza. Ife amene tinagwira ntchito m'maofesi a boma tikudziwa mmene zaka zambiri zotere zinapezekera.

Chachiwiri ndi mabuku a mipingo. Amishoni a Dutch Reformed Church, amene mpingo wao lero ndi Reformed Church in Zambia, anayamba ntchito ku Magwero mu 1899 ndi ku Nyanje mu 1905. Akatolika anakhazikitsa mishoni ku Chassa ndi ku Vubwi, ndipo Aanglikani anali ku Msoro asanatsegule chipatala cha St Francis ku Katete mu 1948. Mabuku a ubatizo ndi a ukwati amatchula makolo, mudzi ndi tsiku. Mupite mwaulemu kwa abusa kapena kwa bambo mfumu, mutanyamula dzina la mudzi ndi zaka zoyerekeza.

Chachitatu ndi nyumba ya National Archives of Zambia ku Lusaka, kumene amasunga mabuku a maboma otchedwa District Notebooks ndi malipoti a maulendo a abwanamkubwa. M'menemo muli maina a mafumu, a nyakwawa ndi a midzi, ndiponso nkhani za kusamuka kwake. Apa mukumbukire kuti Sinda ndi Vubwi ndi maboma atsopano. Za ku Vubwi, dziko la Mfumu Pembamoyo, muzifune pansi pa Chadiza. Za ku Sinda pansi pa Katete ndi Petauke. Ndipo zakale kwambiri za Katete ndi Chadiza, kuphatikizapo za maiko a Mfumu Kawaza ndi Mfumu Mbang'ombe, pansi pa Fort Jameson, amene lero ndi Chipata.

Chilema cha mapepala onsewa nchimodzi: amalondola mwamuna. Msonkho unkalembedwa pa dzina la mwamuna, ndipo sukulu, mgodi ndi ofesi zinkafunsa dzina la atate. Pamene Mchewa mtundu wake umayenda ndi amayi. Chiwongo chimene tilemba lero, kaya Banda, Phiri, Mwale, Mbewe kapena Sakala, ambiri tinachitenga kwa atate, choncho sichingakuuzeni bere lanu. Chitsanzo chili pamaso pathu. Kalonga Gawa Undi Mkhomo V, amene analowa ufumu mu 2004, pamapepala a sukulu ndi a ntchito ankadziwika ndi chiwongo cha Daka, koma mpando umene akhalapo ngwa Aphiri, ndipo umadzera kwa Nyangu, mayi wa ufumu. Wolondola mapepala okha akadasokera.

Palinso vuto la maina. Munthu mmodzi ankakhala ndi dzina la ubwana, la kudambwe kapena la kuchinamwali, la ubatizo, ndi lina la kuntchito limene mzungu anamupatsa, monga Foloko kapena Sikisipensi. Kwinaku dzina limodzi linkakhala la anthu angapo, pakuti mphwa amalowa dzina la mtsibweni wake. Mukapeza dzina la nyakwawa m'buku la 1910 ndi kulipezanso m'buku la 1950, musafulumire kunena kuti ndi munthu mmodzi.

Mboni yachitatu: pakamwa pa akuluakulu

Mboni imeneyi ndiyo imamasulira zinzake ziwirizo. Ngakhale ophunzira anadalira iyo. Samuel Josia Ntara analemba buku lake la Mbiri ya Achewa atafunsa nkhalamba. Max Marwick, amene anakhala pakati pa Achewa a dera la Katete m'zaka za 1946 ndi 1947 ndi kubweranso mu 1952, analemba mibadwo ya mabanja kuchokera pakamwa pa eni ake. Harry Langworthy anachita chimodzimodzi polemba mbiri ya ufumu wa Undi, imene anaitsiriza mu 1969. Safunsa anadya phula.

Muyambe ndi amayi achikulire a mbumba yanu, kenaka atsibweni ndi ankhoswe. Musapite chimanjamanja, ndipo musafike ngati wapolisi. Khalani pansi, perekani malonje, tulutsani chithunzi, ndipo muwaleke alankhule. Funso lakuti “Munabadwa chaka chanji?” silipindula. Funsani kuti, “Kodi agogo, pamene Gawa ankachoka ku Mozambique kudzakhala kuno, inu munali msinkhu wanji?” Zimenezo zinachitika m'zaka za m'ma 1930. Zizindikiro zina ndi izi: mliri wa fuluwenza wa 1918, ulendo wa anthu kupita kwa Bwanali mu 1947, kuyamba kwa Chitaganya mu 1953, ufulu wa pa 24 Okutobala 1964, ndi kubwera kwa othawa nkhondo a ku Mozambique m'zaka za m'ma 1980. Mayi akanena kuti anali ndi mwana kumsana chaka cha ufulu, mwapeza msinkhu wa anthu awiri.

Nkhalamba nazonso zili ndi pozembera. Zimadumpha mibadwo yapakati, zimakweza bere lao, ndipo za ukapolo, za chitengwa chimene chinavuta kapena za mkangano umene unagawa mudzi sizikamba msanga. Kuona maso a nkhono nkudekha. Funsani anthu atatu a mabere osiyana, aliyense payekha, ndipo pamene mawu ao asiyana lembani onse pamodzi ndi dzina la wonena. Zimene mwauzidwa mwachinsinsi zikhale za banja, ndipo za kudambwe zitsale kudambwe.

Ntchito ya pobwerera kwathu

Mukachoka pa Mkaika, gulani kope limodzi lolimba. Tsamba loyamba likhale la mayi wamkulu amene akumbukika m'bere lanu, ndipo pansi pake mulembe ana ake, mudzi, mfumu ndi kumene anaikidwa. Mbali ya atate ikhale ndi masamba akeake. Kumbuyo kwa chithunzi chilichonse lembani ndi pensulo maina, malo ndi amene wakuuzani, pakuti inki imadontha ndi kuononga nkhope. Zisungeni kutali ndi chiswe ndi chinyezi. Achinyamata ajambule zithunzizo ndi lamya zao, ajambulenso mawu a agogo, ndi kutumiza kwa abale a ku Lusaka, ku Malawi, ku Tete ndi ku Harare, kuti nyumba imodzi ikapsa mbiri isapsere limodzi.

Mabuku a ku Lusaka ndi a ku mishoni adzakudikirani chaka chamawa. Agogo amene akudziwa dzina la mnyamata wa pa njinga uja sangalonjeze zimenezo. Yambani ndi iwo, mvula isanagwe.

Yoo Gawa!