Momwe malipiro a oyendetsa ndege amakambidwira: mapangano a 2023 ku America

Pakati pa mwezi wa Marichi 2023 ndi Januwale 2024, kampani zinayi zikuluzikulu za ndege m'dziko la America zidasayinirana mapangano atsopano ndi mabungwe a oyendetsa ndege. Kampanizi, zomwe ndi Delta, American, United ndi Southwest, zidavomera kukweza malipiro ndi pakati pa 34 ndi 50 peresenti m'zaka zinayi kapena zisanu.

Kukwera kwa malipiro kotereku kudadabwitsa anthu ambiri, makamaka poti kudachitika popanda kunyanyala ntchito ngakhale tsiku limodzi. Gwero lake lidali kuchepa kwa oyendetsa ndege odziwa ntchito, madandaulo a zaka makumi awiri, komanso mchitidwe woti pangano la kampani imodzi limakhala muyezo wa zomwe ogwira ntchito a kampani zina amayembekezera.

Momwe malipiro amawerengedwera

Woyendetsa ndege ku America salandira malipiro okhazikika a pamwezi monga momwe zilili ndi ogwira ntchito m'boma. Iye amalipidwa pa ola, ndipo maola amawerengedwa kuyambira pomwe ndege yanyamuka pamalo okwezera anthu kufikira pomwe yaima pamalo otsitsira. Nthawi yokonzekera ulendo ndi yodikira pabwalo la ndege siwerengedwa mwachindunji.

Malamulo a chitetezo salola munthu kuulutsa ndege maola oposa 100 pa masiku 28, kapena oposa 1,000 pa chaka. Kaamba ka ichi, woyendetsa ndege sangachulukitse maola mmene angafunire pofuna kupeza ndalama zambiri. Mapangano ambiri amatsimikiziranso kuti munthu alipidwa maola osachepera 70 kapena 75 pamwezi, ngakhale kampani itamupatsa maulendo ochepa.

Ndalama ya pa ola imadalira zinthu zitatu: udindo wa munthu, kaya ndi kaputeni kapena wachiwiri wake, kukula kwa ndege yomwe akuyendetsa, ndi zaka zomwe wagwira pa kampaniyo. Kampani iliyonse ili ndi mndandanda wa oyendetsa ndege motsata tsiku lomwe adalembedwa ntchito. Amene ali pamwamba ndi omwe amayamba kusankha ndege, maulendo ndi masiku a tchuthi, ndipo ntchito ikamatha amayamba kuchotsedwa ndi a pansi.

Munthu akasamukira ku kampani ina amakayambira pansi pa mndandanda, ngakhale adali kaputeni wa zaka zambiri. Choncho ambiri sachoka pomwe adakhazikika, ndipo njira yokwezera malipiro awo imakhala pangano lomwe bungwe lawo lakambirana ndi mabwana.

Mabungwe ndi lamulo

Bungwe lalikulu ndi la Air Line Pilots Association, lodziwika kuti ALPA, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1931 ndipo lili ndi mamembala oposa 70,000 ku America ndi ku Canada. Oyendetsa ndege a Delta ndi United ali m'bungweli. A kampani ya American ali ndi bungwe lawolawo la Allied Pilots Association, pomwe a Southwest ali ndi la Southwest Airlines Pilots Association.

Zokambirana zimatsata lamulo la Railway Labor Act la 1926, lomwe poyamba lidali la ogwira ntchito za sitima ndipo lidayamba kugwiranso ntchito ku kampani za ndege mu 1936. Malinga ndi lamuloli, pangano silitha mphamvu. Likafika tsiku lomwe adagwirizana, limangokhala loyenera kuunikidwanso, ndipo mfundo zakale zimagwirabe ntchito mpaka pangano latsopano litapezeka.

Mbali ziwirizi zikalephera kumvana, zimapita ku nthambi ya boma ya National Mediation Board, yomwe imakhala mkhalapakati. Nthambiyi ili ndi mphamvu zopitiriza zokambirana kwa miyezi kapena zaka. Ikakhutira kuti palibe chomwe chikuphulika, imamasula mbali zonse ziwiri, koma pamadutsa masiku 30 ogwira ntchito asanaloledwe kunyanyala. Mtsogoleri wa dziko angathenso kukhazikitsa komiti yapadera yofufuza mkanganowo, zomwe zimaimitsa kunyanyala kwa masiku ena 60.

Mphamvu imeneyi idaoneka mu Febuluwale 1997, pomwe Pulezidenti Bill Clinton adaimitsa sitalaka ya oyendetsa ndege a American patangopita mphindi zochepa itayamba. Masitalaka omwe adachitikadi ndi owerengeka, monga ya masiku 89 pa kampani ya Comair mu 2001 ndi ya masiku asanu pa Spirit mu 2010.

Poti kunyanyala n'kovuta, mabungwe amagwiritsa ntchito njira zina. Mamembala amavala yunifolomu pa tsiku lomwe sali pantchito n'kukaima ndi zikwangwani pabwalo la ndege. Amaponyanso voti yopatsa atsogoleri awo mphamvu zoitanitsa sitalaka lamulo likadzalola, pofuna kuonetsa mabwana kuti ndi ogwirizana.

Chomwe chidakweza chiyembekezo

Zigawenga zitachita chiwembu pa 11 Sepitembala 2001, malonda a ndege adalowa pansi. Kampani ya United idapempha chitetezo cha khoti kaamba ka ngongole mu 2002, Delta ndi Northwest mu 2005, ndipo American mu 2011. Oyendetsa ndege a Delta adavomera kudulidwa malipiro ndi 32.5 peresenti mu 2004, kenako adadulidwanso kampaniyo ili m'manja mwa khoti. Thumba la penshoni la oyendetsa ndege a United lidathetsedwa n'kuperekedwa ku nthambi ya boma, ndipo ambiri adalandira zochepa poyerekeza ndi zomwe adalonjezedwa.

Mu Febuluwale 2009, ndege ya Colgan Air idagwa pafupi ndi mzinda wa Buffalo ndi kupha anthu 50. Potsatira ngoziyi, nyumba ya malamulo idakhwimitsa malamulo, ndipo kuyambira 2013 munthu amafunika maola 1,500 oulutsa ndege asanalembedwe pa kampani yonyamula anthu, kupatula omwe adachokera ku usilikali kapena ku sukulu zovomerezeka, amene amaloledwa ndi maola ocheperapo. Kale maola 250 ankakwanira. Izi zidatalikitsa nthawi ya maphunziro, pomwe lamulo lina limakakamiza woyendetsa ndege kupuma akakwanitsa zaka 65.

Mliri wa Covid-19 utabuka mu 2020, boma la America lidapereka madola 54 biliyoni ku kampani za ndege kuti zisachotse anthu ntchito. Komabe kampanizi zidalimbikitsa oyendetsa ndege akuluakulu ambiri kupuma nthawi isanakwane. Anthu atayambiranso kuyenda mochuluka mu 2021 ndi 2022, ndege zidalipo koma oziyendetsa adachepa. Mitengo ya zinthu idakweranso, pomwe malipiro adali pa mapangano akale omwe zokambirana zake zidaima nthawi ya mliri.

Pangano limodzi likhala muyezo

Kumapeto kwa 2022, oyendetsa ndege a United adakana pangano lokweza malipiro ndi pafupifupi 15 peresenti, ndipo 94 mwa anthu 100 alionse omwe adavota adati ndalamayo idali yochepa. Atsogoleri a bungwe la ku American nawo adakana 19 peresenti. Ku Delta, 99 peresenti ya ovota adapatsa atsogoleri mphamvu zoitanitsa sitalaka.

Delta ndi yomwe idayamba kugonja. Mu Marichi 2023, oyendetsa ndege ake 15,000 adavomereza pangano lokweza malipiro ndi 34 peresenti m'zaka zinayi, 18 peresenti nthawi yomweyo ndipo yotsalayo pang'onopang'ono. Mtengo wa panganoli udaposa madola 7 biliyoni. Mudalinso mfundo yoti United kapena American ikadzapereka zambiri, malipiro a ku Delta akwezedwe kuti apose a kampanizo ndi 1 peresenti.

Kuyambira pamenepo palibe bungwe lomwe likadavomera zochepera apa. American idagwirizana ndi bungwe lake, koma voti isanachitike, United idalengeza pangano labwinopo mu Julayi 2023. American idakakamizika kuwonjezera pafupifupi madola 1 biliyoni, ndipo pangano lake, la mtengo woposa madola 9 biliyoni, lidavomerezedwa mu Ogasiti. La United, lokweza malipiro mpaka 40 peresenti pa mtengo wa pafupifupi madola 10 biliyoni, lidadutsa mu Sepitembala. Southwest idatseka mndandandawu mu Januwale 2024 ndi pafupifupi 50 peresenti m'zaka zisanu, pa mtengo wa madola 12 biliyoni.

Nkhani sidali ya ndalama zokha. Mabungwe adalimbikiranso za masiku opuma, malipiro a nthawi yodwala, ndalama zomwe kampani imaika ku thumba la penshoni, komanso kuletsa mabwana kusintha maulendo a munthu mwadzidzidzi. Atsogoleri a bungwe sangasayine okha pangano popanda voti ya mamembala. Mu Julayi 2023, oyendetsa ndege za katundu a FedEx adakana pangano lomwe atsogoleri awo adabweretsa, ngakhale lidakweza malipiro ndi pafupifupi 30 peresenti.

Malipiro okwera sateteza ntchito malonda akavuta. Kampani ya Spirit, yomwe idakwezanso malipiro kumayambiriro kwa 2023, idaimitsa ntchito oyendetsa ndege ena mu 2024, ndipo idapempha chitetezo cha khoti mu Novembala 2024 ndiponso mu Ogasiti 2025.

Kunja kwa America

Muyezo wa ku America udafika ku Canada, komwe oyendetsa ndege a Air Canada adavomereza pafupifupi 42 peresenti m'zaka zinayi mu Okutobala 2024, sitalaka itatsala pang'ono kuchitika.

Kuno ku Africa mikangano yakhala yosiyana, poti kampani zambiri zili m'manja mwa boma ndipo zimayenda ndi ngongole. Pa 5 Novembala 2022, oyendetsa ndege a Kenya Airways, kampani yomwe ndege zake zimateranso pabwalo la Kamuzu ku Lilongwe, adanyanyala ntchito. Mwa zina ankafuna kuti kampani iyambirenso kusonkha ku thumba lawo la penshoni ndi kubweza malipiro omwe idawadula nthawi ya mliri. Khoti loona za ntchito lidalamula kuti abwerere, ndipo adayambiranso pa 9 Novembala.

Ku South Africa, omwe adapatsidwa ntchito yopulumutsa South African Airways adatsekera kunja oyendetsa ndege mu Disembala 2020 pofuna kuthetsa pangano lakale la 1988, ndipo mkanganowo udatha mu Julayi 2021. Mu Disembala 2024 oyendetsa ndegewo adanyanyala kwa masiku awiri pa nkhani ya malipiro, atayamba ndi kupempha 30 peresenti, koma adabwerera pantchito atapatsidwa yosafika pa 10 peresenti.

Nkhaniyi ikukhudza boma lililonse lomwe lili ndi gawo mu kampani ya ndege, kuphatikizapo la Malawi, lomwe lidakhazikitsa Malawi Airlines mogwirizana ndi Ethiopian Airlines. Luso loyendetsa ndege limagulika m'maiko ambiri, choncho kampani yolipira zochepa imataya anthu omwe idawonongera ndalama zowaphunzitsa, pomwe yolonjeza zoposa mphamvu zake imadzalemetsa thumba la boma.

Pangano la Delta lidalembedwa kuti lidzaunikidwenso kumapeto kwa 2026, ndipo a American ndi United mu 2027.